Munthu Wachitatu Pamzere

Tadala ndi Mwayi, ana anga, ndikudziwa kuti Chichewa chanu chimathera pa moni ndi zikomo. Mudzapeze wokuwerengerani. Ndikanatha kulemba m'Chingerezi, koma m'Chingerezi ndimanama mosavuta. Gawo lino ndi la chithunzi chowonda chija chili pabalaza, chimene munakula mukuchipukuta fumbi Loweruka lililonse.

1964 mpaka 1972, ku Limbe

Sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndipo sichinali chifukwa cha fizi. Mphunzitsi wina ananditcha mwana wa chidakwa cha ku Burma. Ndinamugenda ndi botolo la inki, n'kutuluka pageti osacheukanso. Abambo anga, a Gidiyoni Mbewe a ku Thondwe, anamenya nawodi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija ku Burma, ndipo kumwa ankamwadi. Anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka chinawatenga ine ndili ndi zaka khumi. Za nkhondo sankakamba, kupatula za mkulu wa asilikali onse a ku Mangalande kumeneko, amene iwo ndi anzawo ankamutcha Chibwano. Akakhuta kachasu ankatulutsa chibwano chawo, manja kumbuyo, n'kumayendera nkhuku zathu ngati asilikali pa perete. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, m'kabuku ka usilikali, ndipo chiswe chinadya kabukuko pamodzi ndi sutikesi yake. Pamene ndimafika zaka makumi awiri, mawu awo ndinkawamvabe, koma nkhope inkandithawa.

Ntchito yoyamba ndinaipeza kwa Mmwenye wina wojambula zithunzi ku Limbe. Ndinayamba ndi kusesa, kenaka kutsuka zithunzi m'chipinda chamdima. M'menemo ndi mmene munali mwanga. Kunja ndinkayambana ndi aliyense, mpaka anzanga ananditcha Tsabola, koma pansi pa nyale yofiira ija manja anga ankafatsa. Mphunzitsi wina wa ku Canada ankabweretsa mafilimu ake kwa ife ndipo ankafuna kuti nditsuke ineyo basi. Atabwerera kwawo analemba kalata yoti kuli mkulu wina akusowa munthu wa manja ngati anga. Amayi anandiperekeza mpaka pa basi. Malangizo awo anali amodzi: “Samisoni, kumeneko ukakwiya uzikayamba wamwa madzi.”

1972 mpaka 1974, ku Etobicoke

Mkulu uja anali a Stefani, ochokera ku Poland, a zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Kashopu kawo kanali pakati pa nyumba zosungiramo katundu, pafupi ndi bwalo la ndege, moti ndege ikamanyamuka madzi a m'mabeseni athu ankanjenjemera. Ine ndinkagona ku Scarborough, mbali ina ya mzinda womwewo, kwa a Mwale, mkulu wa kwathu wa ku Dedza amene ankagwira ntchito m'chipatala. M'mawa uliwonse basi, sitima ya pansi, basi ina, mzinda wonse kuudula pakati. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chinali chomangirira pa ntchito imeneyi. A Mwale ankandikumbutsa zimenezi ngati pemphero la chakudya.

Ntchito yathu inali kukonza zithunzi zakale, kuzikuza ndi kuziika m'mafelemu. Makasitomala athu enieni anali maholo a asilikali opuma, amene anali mbwee kuchokera ku Etobicoke mpaka ku Oshawa. Chaka chikamapita ku Novembala, mwezi umene anthu kuno amavala maluwa ofiira pachifuwa pokumbukira ofera kunkhondo, ntchito inkatithina pakhosi. Holo iliyonse inkafuna akuluakulu a nkhondo pakhoma. Ndi mmenemo mmene ndinakumana ndi Chibwano. Dzina lake lenileni sindilemba, linalembedwa kale m'mabuku okwanira. Ndinamuona atakwera galimoto yopanda denga, ndinamuona akuloza mapu ndi kandodo, ndinamuona ataima pamwamba pa bokosi akuyankhula ndi gulu, chipewa chopindika mbali imodzi. Tsiku loyamba ndinaseka ndekha mumdima muja, chifukwa abambo ankamutsanzira ndendende. Ndinamutsuka kambirimbiri, ndinamufafaniza timadontho pamasaya, mpaka nkhope yake ndinaidziwa kuposa ya munthu amene anandibala.

A Stefani sanali bwana wokalipa. Ankabwera ndi mkate wa anthu awiri ngakhale sindinawapemphe. Za nkhondo yawo, pakuti nawonso anamenya, sankakamba. Koma lamulo anali nalo limodzi, ndipo analilemba pakhoma: chithunzi cha mwiniwake sichidulidwa, sichilembedwa, sichigwiridwa ndi dzanja lopanda gulovu. Umachijambula ndi kamera yaikulu, n'kumagwira ntchito pa kope. Ngati kasitomala akufuna munthu mmodzi yekha pagulu, umatenga timakatoni tiwiri takuda n'kumatisendeza pang'onopang'ono mpaka ena onse ataphimbika. Ndi momwe tinkasankhira woti akumbukiridwe. “Sam,” ankatero, “chimene chabwera pakhomo apo n'chimodzi padziko lonse. Ife tangobwereka.”

Okutobala 1974

Chaka chimenecho mapepala a zithunzi ndi mafilimu zinkasowa, ndipo a Stefani ankaumira pepala lililonse. Lolemba lina kunabwera mayi wachikulire wa ku Oshawa, mayi Fraser, atanyamula envulopu m'manja awiri ngati mbale ya mgonero. Amuna awo anali kapitawo wa asilikali ndipo anafera ku Burma. Holo ya kwawo inkafuna kupachika chithunzi chawo ataima pambali pa mkulu uja. Anati adzachitenga Lachisanu, chifukwa ankachitumiza kwa mwana wawo amene ankakhala kutali, kumadzulo kwa dziko lino.

Mayiwo atachoka, a Stefani anachiyala chithunzicho pansi pa nyale. Pakati panali Chibwano, manja kumbuyo. Pafupi naye, kumanzere, kapitawo Fraser, mnyamata wowonda. Ndipo chakumapeto, kumanzere kwenikweni, kunali mzere wa asilikali akuda asanu ataima njo. Zaka ziwiri ndikutsuka nkhondo ija, ndinali ndisanaonepo munthu wakuda. Ndinatenga galasi lokuzira. Woyamba ayi. Wachiwiri ayi. Wachitatu anali atapendeketsa mutu pang'ono, phewa lamanzere lotsika, ngati munthu wozolowera kusenza thumba mbali imodzi.

“A Stefani, awa ndi abambo anga.”

Iwo anali atayamba kale kusendeza timakatoni takuda tija. Ndinaona woyamba akulowa mumdima, wachiwiri, kenaka wachitatu. Anajambula anthu awiri okhawo, chapafupi, pa filimu imodzi. Ndinawapempha kuti ajambulenso chonse, andipatse kope. Anapukusa mutu.

“Si chathu. Lachisanu akabwera uwapemphe wekha.”

“Akakana?”

“Akakana, akana.” Anavula magalasi n'kundiyang'ana mwachifundo, ndipo chifundocho ndi chimene chinandiwotcha. “Sam, aliyense amapeza bambo ake m'zithunzi izi. Ine mchimwene wanga ndamupeza kanayi.”

Ndinamva ngati andilavulira. Mumtima ndinati, mzungu uyu akuti anthu akuda timafanana tonse. Si zimene ananena. Ndazindikira mochedwa kuti ankandiuza za chisoni chawo, chimene anali asanauzepo munthu. Koma ine ndinali Tsabola. Masiku awiri ndinayenda ndi moto m'chifuwa. Ndinadziuza kuti mayi wachizungu sangapatse munthu wakuda chithunzi cha mwamuna wake, kuti Lachisanu abambo andichokera kachiwiri osanditsanzika, kuti anthu awa anatenga mapapo awo ndipo tsopano akuwaphimba ndi katoni. Madzi amene amayi ananena aja sindinamwe.

Lachinayi masana a Stefani anapita kukagula supu. Pakona pa shopu panali chimpeni chodulira makatoni, cha chogwirira chachitali. Ndinatulutsa chithunzi muenvulopu ndi manja opanda gulovu. Ndinkafuna kudula kachigawo ka asilikali asanu aja basi, ndipo ndinadzinamiza kuti mayiyo sadzadandaula, pakuti anthuwo sankawafuna. Koma pepala lakale limapindika. Pamene mpeni unkatsika, chithunzi chinaterereka. Mpeni unalowa chopendekera, n'kutenga asilikali anga asanu pamodzi ndi phewa, khutu ndi tsaya la kapitawo Fraser. Nditatembenuza kachidutswako ndinaona zolemba za pensulo. Kumbuyo kwa chithunzi kunali kalata ya mwamuna kwa mkazi wake, ndipo ine ndinali nditadula mizere yonse isanu ndi umodzi, ndi theka la dzina.

A Stefani analowa ndi makapu awiri a supu. Anayang'ana patebulo, n'kukhala pansi pang'onopang'ono osavula chikhoti.

“Chidutswa chili kuti? Bwera nacho, ndiyese kulumikiza.”

“Ndi abambo anga.”

“Ndipo uyu ndi mwamuna wa munthu.”

Anatambasula dzanja. Apa ndi pamene ndimachita manyazi kwambiri, ananu. Ndinatola thabwa la felemu n'kulikweza m'mwamba, pa nkhalamba imene inkandigawira mkate. Iwo anayang'ana thabwalo, anandiyang'ana ine, kenaka anati, “Supu yako ikuzizira.” Sanapemphenso.

Lachisanu ndinabisala kuseri kwa katani ya chipinda chamdima, chidutswa chili m'thumba la malaya. Ndinamva a Stefani akuuza mayi Fraser kuti manja awo akalamba, kuti anadula molakwitsa, kuti chidutswa chinagwera m'mankhwala n'kuwonongeka. Ndinasuzumira. Mayi aja sanayang'ane n'komwe nkhope yodukayo. Anatembenuza chithunzi n'kumayendetsa chala pamizere ija mpaka pamene inathera. Sanalire, sanakalipe. Anangopempha envulopu yawo.

Novembala 1974

Asilikali opuma amauzana nkhani msanga kuposa amayi a pachitsime. Pasanathe masabata atatu maholo awiri anatumiza anthu kudzatenga zithunzi zawo zisanakonzedwe. Mawu anali oti mkulu wa ku Poland uja manja atha. Munthu amene kwa moyo wake wonse sanadontheze ngakhale dontho la madzi pa chithunzi cha mwini! Ankabwerabe ndi mkate wa anthu awiri. Ine ndinkalephera kuudya.

Lamulungu lina tikudikira basi kuchokera ku tchalitchi, ndinawaululira a Mwale. Ndinawaonetsa chidutswacho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mphepo ikuwomba chipewa chawo.

“Iwe Tsabola, mutu wakowu ndi wongonyamulira tsitsi? Bwanji sunangodikira Friday?”

“Akanakana, achimwene.”

“Unawafunsa? Safunsa anadya phula. Iwe wadya phula, wadyetsanso mdala wa eni ake.” Anandibwezera chidutswa. “Tsono tamvera. Ukapita kukakonfesa, mayiyo akhoza kukuripota kupolisi. Akakuripota, akudipota. Winter ino ukaidyera ku Thondwe, ndipo amayi ako akakufunsa chimene wabwera nacho ukawaonetsa kapepala aka. Mdala uja wakuphimba dala, iyenso akudziwa za mapepala ako.”

“Ndiye ndikhale chete?”

“Ine sindinatero. Ndangokuwerengera mtengo wake. Basi yathu iyo, usandiponde.”

Sabata yonse ndinalimbana nazo. Ndikakhala chete, ntchito ndi abambo zonse zikhala zanga, koma dzina la a Stefani lifa. Ndikaulula, ndikhoza kutaya zonse ziwiri. Chimene chinandithyola sichinali ulaliki. Lachitatu ndinawapeza a Stefani atatambasula manja awo pansi pa nyale, akuwayang'anitsitsa ngati akufuna kuona ngati akunjenjemeradi. Bodza limene ananena pofuna kundipulumutsa anali atayamba kulikhulupirira.

Loweruka ndinakopera adiresi m'buku la makasitomala n'kunyamuka ulendo wa ku Oshawa. Chipale choyamba chinali chikugwa. Mayi Fraser anatsegula chitseko pang'ono, tcheni chili chokola. Ndinavula chipewa, ndinanena dzina langa ndi kumene ndimagwira ntchito, kenaka ndinangotulutsa chidutswa chija. Anachotsa tcheni.

Patebulo la kukhitchini anatulutsa chithunzi, pakuti sanachitumizenso kwa mwana wawo. Anachiyala chafufumimba n'kusendeza chidutswa changa mpaka mizere inakumana. Anawerenga milomo ikugwedera, mawu osatuluka. Ine ndinali chiimire, chipale chikusungunuka pansapato n'kumanyowetsa pansi pawo. Ndinafotokoza zonse, za thabwa lomwe. Atatha anatembenuza chidutswa n'kuvala magalasi.

“Ndi uti?”

“Wachitatuyo, mayi.”

“Zaka makumi atatu ndakhala ndi chithunzi ichi, anthu awa sindinawayang'anepo.” Anakweza maso. “Bwanji simunandipemphe?”

“Ndinkaganiza kuti mukana.”

“Mwina ndikanakana. Sindikudziwa. Koma mpata woti ndivomere munandilanda.”

Ndakalipiridwapo ndi mabwana ambiri, koma palibe anandikwapula ngati mawu amenewo. Anandithirira tiyi, ndinamwa chiimire. Potuluka anandiika chidutswa chija m'manja. Ndinakana, ndinati pali mawu a amuna awo. Iwo anati mawuwo anawaloweza pamtima kalekale, ndipo chithunzi chodulidwa ndi chodulidwa, kuchimata n'kudzinamiza. “Tumizani kwa amayi anu. Iwonso anadikira.” Kupolisi sanapite. Analembera kalata maholo aja kuwauza kuti a Stefani sanalakwe, osatchula dzina langa. Koma ntchito inali itapita kale kwa ena, ndipo sinabwerere.

Lolemba ndinawauza a Stefani kumene ndinapita. Anatenga chidutswacho ndi gulovu, anachipangira felemu yowonda ya mtengo wakuda, n'kuikamo magalasi mbali zonse ziwiri kuti zolemba za kumbuyo zizionekabe. Ndiyo felemu imene mumaidziwa ija.

1975

Ndinachitumiza ku Thondwe ndi munthu wina wa kutchalitchi amene ankapita kumudzi. Ndinalemba kalata yodzitama, yoti ndawapeza abambo ku Canada. Yankho linafika patatha miyezi inayi, m'zolemba za mlongo wanga Esinati, pakuti amayi sankalemba. Ndikukopera monga lilili.

“Samisoni mwana wanga, chithunzi tachilandira. Ndachiyang'ana padzuwa, ndaitananso a Jemusi amene anapita kunkhondo limodzi ndi abambo ako. Ameneyu si abambo ako. Abambo ako anali afupi, ndipo khutu lamanja linali long'ambika chibadwire. Phewa lotsika unkaliona lija linabwera ndi chifuwa, kunkhondo analibe. A Jemusi akuti anthu onse asanuwo sawadziwa, mwina si a kuno. Koma usadandaule. Ndi mwana wa munthu ameneyu, ndipo kwawo mwina alibe chithunzi chake. Ndamupachika pamwamba pa chitseko. Nanga mzungu wa theka ali m'mphepeteyu analakwa chiyani kuti umudule chonchi? Uzimwa madzi.”

Kalatayo ndinaiwerengera pa sitima ya pansi, ndipo ndinapitirira malo otsikira mpaka kumapeto kwa njanji. A Stefani sindinawauze. Chaka chotsatira anatseka shopu, nati lendi yawakulira. Tsiku lomaliza anandilembera kalata yabwino imene inandithandiza kukonza mapepala anga ndi kupeza ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Oshawa, kumene ndinagwira mpaka kupuma. Anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, “Amayi ako anawazindikira?” Ndinati inde. Anamwetulira, nati, “Ndiye sizinapite pachabe.” Anamwalira zaka ziwiri pambuyo pake akukhulupirira zimenezo. Kwa zaka zambiri ndinkadutsa ndi galimoto pamsewu wa mayi Fraser popita kuntchito, ngakhale inali njira yozungulira. Sindinaimepo.

Amayi atamwalira, Esinati ananditumizira felemu ija. Inu munali aang'ono. Tadala unafunsa m'Chingerezi kuti ameneyu ndani, ndipo ine m'Chingerezi momwemo ndinayankha kuti ndi agogo ako. Mwayi unapita nacho kusukulu mwezi wa maluwa ofiira, unaima kutsogolo kwa kalasi, aphunzitsi anakuombera m'manja. Ndinali kumbuyo, ndinaomba nawo.

Si agogo anu. Dzina lake sindilidziwa, ngakhale dziko lake. Ndipo chilango changa chenicheni ndi ichi: ndisanamuone munthu ameneyu, ndikatseka maso ndinkaonabe kachidutswa ka nkhope ya abambo, mphumi ndi ndevu za pachibwano. Kuyambira tsiku lija la galasi lokuzira, ndikawafuna abambo amabwera ndi iyeyu, mutu chopendekera. Ndamuyang'ana kwambiri moti wafafaniza zotsala zija. Mawu okha ndi amene atsala, akukalipira nkhuku kuti ziime pamzere.

Ndikadzapita chithunzichi musadzachitaye. Mudzachipukute monga kale, mbali zonse ziwiri. Kutsogolo kuli mwana wa munthu wina, kumbuyo kuli mawu a mwamuna wa munthu wina, felemu ndi ya munthu amene ndinamukwezera thabwa. Changa m'menemo ndi mzere wopendekera umene mpeni unadutsa.